Tepi ya Maliro a Tamandani

Alufeyo Chimtolo anabadwa mu 1955 m'mudzi wina wa kwa Mkanda ku Mchinji, ndipo mayi ake anamwalira iye akadali pabere. Anamulera ndi mlongo wake Esitele, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, amene anasiya sukulu atangophunzira kulemba dzina lake kuti aziphika phala ndi kubereka khanda. Amene masiku ano amakamba nkhani ya Alufeyo uku akuseka pa bawo amadumpha dala gawo limeneli, chifukwa likakhalapo nkhaniyo siseketsanso.

Sukulu anafika nayo Sitandade 8, kenaka analembedwa ukapitawo pa esiteti ya fodya kufupi ndi malire a Zambia. Kwa zaka khumi ndi ziwiri ntchito yake inali kukalipira matenanti ochokera ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe, anthu obwera pa lole ndi mphasa ndi poto mmodzi. Ankamwa kachasu, ndipo akamwa ankawatukwana mpaka mtundu wawo. Mu 1988 anatembenuka mtima pa msonkhano wa chitsitsimutso pa Kamwendo. Sabata yotsatira anakabweza makiyi a shedi kwa bwana, nagula njinga, nayamba kulalikira m'makomboni momwe muja ankatukwanamo.

Tisamunamizire: anali mlaliki weniweni. Tenanti akamwalira kutali ndi kwawo, Alufeyo ndiye ankakapempha malo kumanda, kufunafuna matabwa, ndi kulembera kalata abale ake ku Mulanje. M'zaka zimene matenda aja anayamba kumaliza anthu, pamene abusa ena ovala makolala ankapemphera ataima pakhomo mpango uli pamphuno, iye ankalowa m'nyumba, n'kukhala pamphasa pomwepo, n'kumumwetsa wodwalayo madzi. Mpingo wakewake analibe, ndipo sanadzozedwe ndi aliyense. Anthu ankangomutcha abusa, iye n'kumavomera.

Matipate atabwera mu 1994, aliyense anapeza pakamwa. Andale anakwera pa malole ndi zimkuzamawu, ogulitsa mankhwala a makoswe nawonso anagula zawo, ndipo mlaliki wodalira kukhosi kwake sankamvekanso pa msika. Alufeyo anamangirira batire ya galimoto pa kaliyala, chimkuzamawu pa mahandulo. Kenaka anaoloka malire kupita ku Chipata, nabwerako ndi wailesi ya makaseti awiri. Kuyambira pamenepo ulaliki wake uliwonse ankaujambula, kaya ndi pa msika, pa ukwati kapena pa maliro. Asanatsegule Baibulo ankayamba wadina batani lofiira. Mkazi wake Luwiza ndiye ankachulukitsa matepiwo kunyumba, ndipo matenanti akamabwerera kwawo fodya atatha ankawatenga m'zikwama. Umo ndi mmene mawu a munthu wa kwa Mkanda anafikira ku Mulanje mwini wake asanakupondeko.

Tepi imodzi inagwa m'manja mwa Fletcher, wokonza mapulogalamu pa wailesi ina ya Chikhristu ku Lilongwe. Mu 1999 anamupatsa Alufeyo theka la ola Lamulungu lililonse, 2 koloko masana, pa pulogalamu yotchedwa Liwu la M'malire. Tsiku loyamba Esitele, amene tsopano anali wamasiye, anatulutsa wailesi yake pabwalo naitana mudzi wonse.

"Akuyankhulayu ndinkamupukuta mamina ine," ankatero, amayi n'kumaseka mpaka kugwirana mapewa.

Koma wailesi ili ndi zofuna zake. Matepi a pa msika Fletcher anawakana: munali mphepo, mbuzi, mabelu a njinga. Alufeyo anapempha balani yakale ya njerwa imene sinkawambiranso fodya, napachika masaka m'makoma, nayamba kulalikira ali yekhayekha chitseko chotseka. Mawu anayera. Patapita miyezi ingapo Fletcher anadandaulanso.

"Abusa, uthenga ulibe vuto. Koma mukumveka ngati mukulengeza mitengo ya feteleza. Anthu ali kuti? Mzimu uli kuti?"

"Paja munati mbuzi zikusokosa."

"Mbuzi sindikuzifuna, ndikufuna anthu. Tamverani anzanu a ku Zambia awa. Anthu akulira, akugwa, akulapa. Pali alaliki asanu ndi awiri amene akundisowetsa mtendere, onse akufuna 2 koloko yanuyi."

Alufeyo anakwera basi ya ku Mchinji mawu amenewo ali m'khutu. Anali atalawa kale kukoma kwake kwa wailesi. Akangoyankhula mu basi, wina ankatembenuka n'kufunsa kuti, "Kodi si inu a Liwu la M'malire?" Munthu amene anazolowera kupirikitsidwa ndi agalu a m'maesiteti tsopano ankapatsidwa mpando wa kutsogolo. Sankafuna kubwerera.

Mu Epulo 2000 kunagwa zovuta. Tamandani, mwana womaliza wa Esitele, mtsikana wa Fomu 2, anadwala malungo aakulu Lachiwiri, ndipo pofika Lachisanu anali atapita. Alufeyo analalikira pa maliropo, monga mlaliki komanso monga malume. Wailesi yake inali pa kampando pafupi ndi khomo, batani lofiira lodina mwa chizolowezi. Atamaliza ulaliki anathamangira kukagwira bokosi, naiwala kuizimitsa. Tepi inapitiriza kuzungulira bokosi likutuluka m'nyumba, nthawi imene amayi amalira ndi mphamvu zawo zonse, mpaka inafika kumapeto n'kudzitseka yokha.

Anaipeza mu Juni, akufunafuna tepi yoti afufute n'kujambulapo zina. Anamva kulira kwa anthu ambiri, komveka bwino, kopanda mphepo kapena mbuzi. M'malo moizimitsa, anakumbukira Fletcher.

Apa m'pamene pali umbuli wa amuna. Pa maliro mwamuna amakhala panja pansi pa mtengo, ndipo kulira kotuluka m'nyumba ya siwa kumafika kwa iye ngati mvula pa malata, phokoso limodzi basi. Alufeyo anali ataika maliro mazanamazana, koma anali asanamvetserepo chimene amayi amanena akamalira. Chonsecho mayi salira chopanda mawu. Amamutchula dzina womwalirayo, amamufunsa mafunso, ndipo aliyense ali ndi kaliridwe kake, koti anzake amamuzindikira ali kutsidya kwa dambo. Mayi aliyense akanamuuza zimenezi. Luwiza anali pakhonde pomwepo akupeta mapira. Sanamufunse.

Anabwereka wailesi yachiwiri, naiika kumbuyo kwake m'balani muja, naliza tepi ya maliro ija chapansipansi uku akulalikira. "Ndikuyankhula kuchokera pa msonkhano waukulu kuno kwa Mkanda," anayamba motero, akuyang'ana masaka a pakhoma. Anawerenga za amatsenga a ku Efeso amene anatentha mabuku awo. Ulaliki utafika pachimake anafuula kuti, "Tamverani, a Malawi! Afiti akulapa! Amene anadya ana awo akulira pamaso pa Yehova!" Atatero anatambasula dzanja, nakweza wailesi ya kumbuyo ija, iye nakhala chete kwa kanthawi kuti kulirako kumveke.

Asanaitumize tepiyo anaimvetsera kawiri. Koma ankamvetsera mawu ake.

Inaulutsidwa Lamulungu lachiwiri la Julayi. Pabwalo pa Esitele panali amayi asanu ndi mmodzi akuswa mtedza, wailesi ili pakati pawo monga mwa masiku onse. Onse anamva mlaliki akunena za odya ana awo. Kenaka, pamwamba pa mawu ena onse, panatuluka liwu limodzi loti palibe akanalisokoneza ndi la wina:

"Tamandani mwana wanga ine! Tamandani dzuka! Yunifolomu yako ndachapa, uvala liti? Mayo ine, Tamandani!"

Manja onse anaima. Imelda, mnzake wa Esitele wa paubwana, ananong'ona kuti, "Awa ndi maliro aja." Mmodzimmodzi anayamba kukumbukira mbuzi zosamanga ndi madzi osatunga. Esitele anatsala yekha ndi lichero pamiyendo, mlongo wake akupitiriza kuitana ochimwa kuti abwere kutsogolo.

Mudzi unagawanika pawiri, ndipo mbali zonse ziwiri zinamuweruza. Amene sanali pa maliro anati mayiyo anakalapa yekha pa msonkhano, wailesi singaname. Amene analipo, oti ankadziwa bwino lomwe kuti kwa Mkanda sikunachitike msonkhano uliwonse, ananena choipa kuposa pamenepo: waika mawuwo ndi mlongo wake wa bere limodzi, munthu wa Mulungu, ndiye kuti akudziwa kanthu, wangosowa njira ina youlula. Anakumbukiranso kuti mwamuna wa Esitele anamwalira mwadzidzidzi mu 1997. Awatu ndi anthu omwe aja amene Esitele anawaperekezapo kuchipatala ali ndi pakati, amene anagonapo nawo pansi pa maliro a ana awo. Pa mjigo ankamupatsa mpata kuti atunge msanga achoke. Ku bungwe la amayi a kumpingo anamuuza kuti apumule kaye. Mkazi wa mwana wake wamwamuna analetsa ana kudya kwa agogo awo.

Alufeyo anamva za nkhaniyi Lolemba, atabwerako kokalalikira ku esiteti. Luwiza anaika mu wailesi tepi imene anatsala nayo, naipititsa mpaka pamalo paja.

"Khalani pansi, a Chimtolo. Mvetserani. Osati inuyo ayi, kumbuyoko."

Anamvetsera. Anamva dzina la Tamandani, anamva za yunifolomu, nazindikira liwu limene linkamuitana kudzadya kuyambira ali wosavala.

"Pitani lero lomwe," anatero Luwiza. "Njinga ili apo."

Sanapite. Kuchokera kwake kufika kwa Esitele ndi ulendo woti munthu amapita ndi kubwerako dzuwa lisanatenthe, koma Alufeyo anatha miyezi itatu asanapondeko. Ankadziuza kuti nkhani za m'mudzi zimazilala zokha. Akamapita ku msika ankazungulira njira ya kudambo kuti asadutse pafupi. Pa nthawi yomweyo makalata ankasefukira ku wailesi, ndipo Fletcher anaibwereza pulogalamuyo kawiri. M'misika anthu ankamugwira dzanja: "Abusa, mwawagwedeza afiti!" Iye ankayankha kuti ulemerero upite kwa Mulungu, maso ali pansi.

M'mawa wina mu Okutobala Esitele anabwera yekha. Anamupeza m'balani akukonzekera kujambula. Anali ataonda, mpango wakuda ukadali kumutu. Mpando anaukana.

"Achemwali," anatero Alufeyo.

Esitele anayang'ana masaka, wailesi, batire. "Msonkhano waukulu uja ndi uno, abusa? Anthu ake ali kuti? Ndimati ndidzaonane ndi afiti anzanga."

Alufeyo anagwada pa dothi. "Sindinadziwe kuti ndi mawu anu. Ndinangomva kulira."

"Munangomva kulira. Ine kulira kwanu ndinkakudziwa pakati pa ana khumi, ndili kudimba. Dzukani, mukudetsa thalauza la pa wailesi. Sindinabwere kudzagwadiridwa. Pomwe munanenera paja, mukanenenso pomwepo. Mukanene kuti munanama."

Anapita ku Lilongwe, namufotokozera Fletcher zonse. Fletcher anatseka chitseko cha ofesi.

"Abusa, mukufuna tilengeze kuti wailesi ya Mulungu inaulutsa bodza katatu? Mawa ndani adzakhulupirire mlaliki aliyense pano? Mukufuna kugwetsa anthu angati chifukwa cha mayi mmodzi?"

"Ndi mlongo wanga."

"Ndiye kambiranani pachibale. Mugulireni chitenje. Pulogalamu yanu ikupitirira, palibe akukuchotsani."

Chochititsa manyazi n'chakuti Alufeyo anavomera. Atafika kunyumba anapempha Luwiza kuti akauze Esitele kuti a wailesi akukonza tsiku. Luwiza anati, "Bodza lanu mukasenze nokha." Sanalisenze, komanso choonadi sanakachinene. Kwa masabata asanu ndi limodzi anapitiriza kujambula, za chikondi, za chikhululukiro, za mwana wolowerera. Lamulungu lililonse 2 koloko Esitele ankatsegula wailesi yake ali yekha m'nyumba, n'kudikira mpaka nyimbo yotsekera.

Kumayambiriro kwa Disembala, mvula itayamba, m'mudzi wa Esitele munamwalira nkhalamba ina, ndipo abale anamuitana Alufeyo kuti akalalikire. Sakanakana. Ataima ndi Baibulo anaona amayi atadzaza m'nyumba ndi pakhonde, ndipo chapatali, pafupi ndi khola la mbuzi, mlongo wake atakhala yekha pa nthaka yonyowa, milomo yotseka. Palibe anamuthamangitsa, koma palibenso anamusendera. Akanapanda kubwera akanati akudziwapo kanthu. Akanalira akanati wayambanso.

Alufeyo anatseka Baibulo.

"Abale, ndisanawerenge, pali bodza loti ndilichotse pano. Kwa Mkanda kunalibe msonkhano. Ndinali ndekha m'balani. Kulira munamva pa wailesi kuja n'kwa pa maliro a Tamandani, mwana wa mlongo wanga. Ndinakuba ine, kuti ndimveke wamphamvu. Mayi ali apoyo sanalape kanthu, chifukwa alibe choti alape. Wakuba ndine, wabodza ndine."

Mkulu wina wa mpingo anamuuza mwaulemu kuti akhale pansi, pa maliro si pokambira zimenezo, ndipo mwambo anamaliza ndi wina. Imelda ananyamuka pakhonde, nadutsa pamaso pa onse, nakakhala pafupi ndi Esitele pa nthaka yonyowa ija. Tsiku limenelo anachita zimenezi ndi iye yekha.

Nkhani inafika ku Lilongwe sabata isanathe. Liwu la M'malire linazimiririka popanda chilengezo, ndipo 2 koloko ija anapatsa mmodzi wa alaliki asanu ndi awiri aja. Pa wailesiyo sipanamveke mawu opepesa ngakhale amodzi, mpaka lero. Fletcher patapita chaka anamukweza udindo.

Alufeyo anamangiriranso batire pa kaliyala ndi chimkuzamawu pa mahandulo. Pa msika uliwonse, asanatsegule Baibulo, ankayamba ndi mawu omwe aja ananena pa maliro. Poyamba ankafuna kuti aziliza tepi ya maliro a Tamandani yonse, kuti anthu adzimvere okha nyimbo ndi ulaliki wa tsikulo n'kukhulupirira. Ulendo uno anayamba wakapempha.

"Mwana wanga mwamuyendetsa mokwanira," anatero Esitele. "Bweretsani kuno."

Anaitenga naitsekera mu sutikesi momwe munali mabuku a malemuyo. Alufeyo anatsala ndi pakamwa pokha.

Pakamwa pa munthu woyenda pa njinga sipafanana ndi wailesi. Ogulitsa kaunjika akamuona ankakuwa, "A Msonkhano Waukulu afika! Abusa, lero mwabwera ndi anthu angati?" Ena ankati mfitiyo yamulodza kuti asinthe mawu. Ena ankamvetsera mpaka kumapeto n'kufunsa chifukwa chake sakukanena pa wailesi ngati ndi zoona. Mipingo inasiya kumuitana pa zitsitsimutso, ndipo matepi ake ogulitsa anawatsitsa m'mashelufu. Matenanti okha ndiwo sanamutaye. Munthu akamwalira pa komboni ankatumabe uthenga kwa iye, chifukwa wina woti akapemphe malo kumanda kunalibe. Wailesi ya makaseti awiri ija sanapitenso nayo pa maliro.

M'mudzi wa Esitele zinthu zinafewa pang'onopang'ono. Chaka cha njala cha 2002 chinapatsa anthu zina zoti aziganiza. A bungwe la amayi anamuitananso, popanda wonena kuti pepani, ngati anangodwala n'kuchira. Zidzukulu zinayambiranso kudya kwake. Kwa Alufeyo ankapita pakagwa matenda kapena maliro, n'kuchita zoyenera mlongo, n'kubwerera dzuwa lisanalowe.

Mu Meyi 2006 Alufeyo anapita kukamuthandiza kukumba mtedza. Imvi zinali zitadzaza m'mutu, bondo likumuvuta. Atakhala pamthunzi kuti athothole, anafunsa funso limene analisunga zaka zonsezo.

"Achemwali, kodi zinatha?"

Esitele sanasiye kuthothola. "Kuno akundipatsa moni. Sabata yatha ndinapita ku Kapiri kukaona wodwala. Mayi wina atamva dzina langa ndi mudzi wanga anasuntha mwana wake, n'kumuika mbali inayo."

"Ku Kapiri ndinapitako kawiri."

"Ndiye kuti masiku amenewo iyeyo kunalibe. Wailesi ija inkamveka mpaka kuti, Alufeyo?"

"Kasungu. Dedza. Ena amati mpaka Chipata ndi Lundazi."

"Nanga iwe wafika pati?"

Alufeyo anawerama. "Kapiri. Kamwendo. Ku boma. M'maesiteti monse."

"Mawa ku Kapiri kuli msika," anatero Esitele, namukankhira mulu wina wa mtedza. "Maliza apa kaye."